Tsitsi la Ismael

A Samueli anayala malezala pamphasa, nawawerenga kawiri ndi chala.

"Tiyanjane, ometedwa tilipo khumi. Lakhumi ndi chimodzili ndi la ndani?"

Tiyanjane anapitiriza kuthira madzi m'beseni ngati sanamve amalume akewo. Maso ake anathawira kuseri kwa khola la mbuzi, kumene Ismael ankapinda tenti ya maliro yekhayekha chiyambire m'mawa.

Panali patadutsa masiku awiri chiikireni m'manda Lawson, mchimwene wake wa Tiyanjane, ndipo lero linali tsiku lometa. Ometedwa amakhala abale okhaokha. Tsitsi lawo amalisonkhanitsa n'kukalikwirira dzenje limodzi, ndipo aliyense wa ku Chipoka akaona mutu wampala amadziwa kuti malirowo anali a munthu ameneyo.

Lawson anakhala zaka khumi ndi zinayi ku Metangula, tsidya la nyanja ku Mozambique, kukonza mainjini a maboti. Sanakwatire. Mtembo wake anabwera nawo Ismael, masiku awiri pamsewu kudzera ku Chiponde, atakhala kumbuyo kwa galimoto, dzanja lili pabokosi. Kumanda anamulengeza Ismaelyo kuti ndi mnzake wa ntchito wa malemu. Koma Tiyanjane anapitako kamodzi kutsidyako, ndipo anaona chipinda chimodzi, bedi limodzi, neti imodzi. Sanauze munthu. Kaliridwe ka Ismael ndi kamene kanauza anthu.

"Ndakufunsa, mwana iwe," anatero a Samueli.

"Ndi la a Ismael, amalume."

A Samueli anavula chipewa, nayang'ana m'kati mwake ngati muli yankho.

"Ukudziwa zimene zikukambidwa padoko? Dzulo ndapita kukathokoza adzukulu, anthu akungotsokomola ndikamadutsa. Ine mkulu wa mpingo! Kutsidyako anazolowera. Ndinagulitsako usipa ku Mandimba, ndikuwadziwa bwino. Boma lawo linasiya n'kumanga komwe pa nkhani zimenezi. Munthu amangoti za m'nyumba mwa eni ake n'za eni ake, n'kunyamula khasu. Koma kuno ndi ku Malawi. Kuno ukafunsa anthu khumi, asanu ndi anayi alavula, wakhumiyo ndiye kuti sanamve funso."

Davie, mwamuna wa Tiyanjane, ankanyowetsa sopo pambali. Anati, "Mwina anthu amene anaona nkhondo, amalume, satha mphamvu ndi bedi la mnzawo."

"Ndiye tiyambitse nkhondo kuti tifanane nawo? Mkamwini, gwira sopoyo."

Davie anagwira sopo.

Apo n'kuti Ismael atafika kale pansi pa mtengo wa mango, chikwama chili paphewa. Anali munthu wamtali, wa imvi zapatalipatali, zikhadabo zakuda ndi mafuta a injini. Anagwada patali pang'ono ndi mphasa. Chinyanja chake chinali cha tsidya, chokoka mawu, koma chomveka.

"Amalume, ndamva. Musavutike, ndikukwera minibasi ya m'mawa uno. Koma kwathu musakukometse choncho. Apolisi satigwira, zoona. Koma mayi wogulitsa mandasi pakhomo pathu penipeni sanandiyankhepo moni zaka zonsezi. Bambo anga ondibereka anatumiza uthenga kuti pamaliro awo ndisadzapondepo, ndipo sindinapondepo."

"Si ndiye tikufanana," anatero a Samueli, mawu atatsika pang'ono.

"Penapake. Kwathu amene amatisiya n'ochulukirapo, sindikana. Asodzi makumi atatu ananyamula bokosi mpaka pagalimoto, ena akulira. Munthu amene injini yake inafera pakati pa nyanja n'kudzukanso safunsa kuti mmisiri amagona pati. Koma kutisiya si kutilandira. Lawson ankati kwathu anthu amakhala chete n'kutseka chitseko, pomwe kwanu amakalipa mpaka misempha kutuluka, koma mlendo wa maliro samugoneka ndi njala. Ndaona kuti sananame. Amene akunditsokomolera ndi omwewo andipatsa mkeka ndi madzi osamba."

Kumsewu kunadutsa ngolo ya ng'ombe, mateyala akulira.

Tiyanjane anayang'ana chikwama chili paphewa pa Ismael. Ismael akatuluka pampanda wa bangopo ndi tsitsi lake, ndiye kuti watuluka ngati wonyamula katundu amene wafikitsa mtolo. Sadzabweranso. Ndipo zaka khumi ndi zinayi za mchimwene wake zidzatsala m'mawu atatu aja a kumanda, mnzake wa ntchito.

"Komanso ine ndine Msilamu," anawonjezera Ismael, akudzuka. "Kwathu sitimeta pamaliro. Ndiye lezalalo lisakukanganitseni."

A Samueli anapumira m'mwamba, navala chipewa. "Mwayankhula ngati munthu wamkulu, bambo. Muyende bwino."

"Tiyanjane, bwera nalo kuno lezalalo."

Onse anacheuka. Anali a Eliza, mayi wa malemu. Chifikireni bokosi anali asanayankhule ndi munthu, atangotsamira khoma pakhonde, miyendo ili tambalale, chitenje chakuda kumutu.

"Achemwali," anatero a Samueli, "nkhaniyi yatha kale."

"Yatha kwa inu, achimwene. Mwana wanga wadwala miyezi inayi. Amene ankamusambitsa ndinu? Anthu a padokowo alipo amene anamupukutapo masanzi?"

"Sindikukana kuti munthuyu wagwira ntchito. Tamuthokoza pagulu."

"Wantchito amathokozedwa, inde."

"Mpingo udzatiitana, achemwali. Mudzayankha chiyani?"

"Ndidzapita. Ndidzakhala pabenchi ndi mutu wanga wometa, andifunse." A Eliza anadzuka mogwira khoma. "Mukuganiza kuti ndamva dzulo? Ndinamubereka ndine. Zoti n'zabwino kapena n'zoipa, ine sindinathe kuzimasula, ndipo ndapemphera mpaka maondo kuchita zipsera. Kutsidya anene zawo, kuno anene zawo. Ine ndikungofuna kudziwa amene waferedwa pabwalo pano."

Anatembenukira kwa Ismael. "Inu bambo, chipembedzo chanu chikuletsani?"

Ismael anayang'ana pansi. "Sindinafunsepo ashehe, amayi."

"Nanga mtima wanu?"

Chikwama chinatsetsereka paphewa, n'kugwera m'fumbi.

"Khala apa," anatero a Eliza, akuloza mphasa.

A Samueli anadzuka mwaukali, nalunjika kuchipata. Tiyanjane anaganiza kuti akupita kwawo. Koma atafika pamenepo anaima, msana ku bwalo, nkhope ku msewu, manja kumbuyo, thupi lawo litadzaza kampata konse. Mayi wina wodutsa ndi dengu la chimanga anasuzumira. A Samueli anamupatsa moni wautali wofunsa ana ndi mbuzi zomwe, mpaka mayiyo anatopa n'kupitirira.

Tiyanjane anagwira beseni. Mayi ake anapaka sopo m'mutu mwa Ismael, namasula lezala m'kapepala kake. Anayambira pamphumi kupita kunkhongo, tsitsi lonyowa likugwera pansalu imene Davie anayala.

Lezala litayandikira m'mbali, Ismael anakweza dzanja osauzidwa, napinda khutu lake ndi zala ziwiri, kenako anafufumitsa tsaya ngati mwana.

A Eliza anaima.

"Wakuphunzitsa zimenezi ndani?"

"Iyeyo, amayi. Ankandimeta Loweruka lililonse pakhonde, anthu akuona. Ndikamuuza kuti tilowe m'nyumba, ankati m'nyumba muli mdima, angandicheke. Ankati inu munamucheka khutu kamodzi ali wamng'ono, ndiye iye sadzachekapo munthu."

"Ankayendetsa mutu," anatero a Eliza. "Sankakhazikika mwana ameneyo."

Anapukuta lezala pachitenje, nachotsa zala za Ismael pang'onopang'ono. Khutulo analigwira okha, napitiriza kumeta.