Nkhuni za ku Kaning'ina

Pa tchuthi cha Isitala, Vitumbiko anafika kuchokera ku Lilongwe pa galimoto yake yatsopano, n'kuuza mayi ake, a Dinah, kuti Loweruka apita nawo kokaona malo. A Dinah anavala chitenje chakutchalitchi, poganiza kuti ulendo ndi wautali. Koma atangochoka kwawo ku Zolozolo, galimoto inakaima m'mphepete mwa nkhalango ya Kaning'ina.

"Amama, taonani, pakongola chomene! Imani apo ndikujambuleni," anatero Vitumbiko, foni ili m'mwamba.

A Dinah kukongolako sanakuone. Maso awo anali pansi, pa nthambi zouma. Anangozindikira atawerama kale, akuzitola n'kumaziunjika pamodzi ngati masiku aja.

"Aa, Amama, zisiyeni izo! Si ndinakugulirani mbaula ya gasi?"

A Dinah anaweramuka pang'onopang'ono, dzanja lili pakhosi, mtima utawira.

"Iwe ukuti wandibweretsa kudzaona malo? Kuno ndinkabwera mvula ikuwaza, mtolo pamutu, iweyo uli kumsana ukulira. Malo ano ndinakuonetsa ndine."

Vitumbiko anatsitsa foni. Kenako anawerama, anatola nthambi zija, n'kukatsegula buti ya galimoto yake yatsopano ija.