Bokosi la Mabuku a Nona

Amuna anga a Lourenço sabwereza mawu. Ananena kamodzi kuti mwana wathu Quitéria akalephera mayeso a nona, kalasi yachisanu ndi chinayi, sukulu yathera pomwepo, adzagwira khasu. Mayeso anali atatsala milungu isanu ndi umodzi, ndipo ine mtima unali m'mwamba.

Vuto linali Chingelezi. Pasukulu yathu kuno ku Malowera chimaphunzitsidwa m'kalasi yoyamba ya sekondale yokha, poti mphunzitsi wake ndi mmodzi, yemwenso amaphunzitsa masamu. Ana a makalasi enawo, ikakwana nthawi ya Chingelezi, amakasesa pabwalo. Potseka sukulu aliyense amalembedwa 10, malikisi ongokwanira kukhoza, ife makolo n'kumaomba m'manja ngati anthu anzeru. Koma mayeso a nona amabwera omata kuchokera kutali, Chingelezi chili momwemo.

Tsiku la msonkhano wa makolo tinachokera kumunda, ine ndi amuna anga, aliyense khasu paphewa. Unali Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, mizere yathu isanafike ndi theka lomwe. Mkulu wa sukulu, a Geraldo, anakhala pabokosi lawo la masiku onse.

"Makolo, tisanamizane," anatero a Geraldo. "Shikola ino siingakwanitse Chingelezi m'makalasi onse. Purufesori woti awaphunzitse palibe. Ana akayesa mwayi."

"Mwayi?" Mawu ananditulukira okha. "A Diretori, mwana alembe bwanji zimene sanazionepo?"

"Mayi Catarina, khalani pansi."

Sindinakhale. "Nanga mabuku a nona alipo?"

Anakhosomola, nayang'ana pansi. Anthu onse anayang'ananso pomwepo. Mabukuwo anali m'bokosi lomwe anakhaliralo, lomata chimatire kwa zaka ziwiri. Ankaopa kuti akalitsegula popanda mphunzitsi, ana angong'amba, akuluakulu n'kudzawafunsa.

Ndinapsa mtima. Ndinaika khasu pansi n'kuwauza a Geraldo kuti aimirire. Anaimirira, mwina chifukwa cha nkhope yanga. Ndinang'amba bokosilo, ndinatulutsa buku limodzi, ndinayamba kuwerenga mokweza.

Ine ndinakulira ku Zambia, kumene tinathawira nkhondo, ndipo ndinaphunzira kumeneko zaka zisanu ndi ziwiri. Titabwerera, azilamu anga ankanditcha Nyazambiya ndikangotulutsa liwu limodzi la Chingelezi, choncho ndinachikwirira. Ngakhale Quitéria sankadziwa. Lilime linali lolemera, ndinapunthwa kawiri, koma tsambalo ndinalimaliza n'kulimasulira m'Chinyanja. Inali nkhani ya mtsikana wolembera kalata azakhali ake.

Quitéria, amene ankasuzumira pawindo la kalasi, anagwira pakamwa.

"Mulibe pepala la uphunzitsi," anatero a Geraldo, mawu atatsika. "A ku distrito akamva, ntchito yanga yatha."

"Sindilowa m'kalasi mwanu. Ndipatseni mabuku ndi ana, pansi pa mtengo uwu, m'mawa uliwonse mpaka tsiku la ezame, mayesowo."

"M'mawa?" Awa anali a Lourenço, ataimirira kumbuyo. "Make Quitéria, m'mawa ndi nthawi ya kumunda. Mvula ikatipeza mizere isanathe, tidya buku?"

Wina anaseka. Ine sindinaseke, chifukwa ankanena zoona. Ana a nona amalowa m'kalasi masana, nthawi ina panalibe.

"Bambo ake Quitéria," ndinatero, "munati akalephera agwira khasu. Ndinavomera. Koma alephere ataphunzira. Izi za kusesa pabwalozi si kulephera kwake."

Anandiyang'ana. Zaka makumi awiri m'banja, ndinali ndisanawayankhepo pagulu. Anayamba kubwera kumene ndinaima, anthu akuwapatukira, ndipo ndinaona Quitéria akuchoka pawindo kuthamangira pakhomo la kalasi.

Atafika sanandikhudze. Anasuzumira m'buku lija, ngakhale sadziwa kuwerenga ndi Chipwitikizi chomwe.

"Zonsezi umazimva?"

"Zambiri."

"Nanga unkabisiranji?"

"Muwafunse azichemwali anu."

Anawerama, anatola khasu langa, nalisanjika paphewa pamodzi ndi lawo. Ananyamuka kulowera njira ya kumunda, dzuwa lili paliwombo, msonkhano usanathe n'komwe.