Gudumu la Zibenthu Ziwiri

Gudumu linagawikanso pakati kachitatu, ndipo zimene zinamatika bwino tsiku limenelo ndi zala zanga ziwiri basi.

"Alamu, mwadzimata nokha?" anafunsa mkulu wake wa malemu mkazi wanga, ataima pakhomo la khitchini ndi katoni m'manja. "Zaka makumi atatu mukuphunzitsa ana a eni sayansi, lero supagulu wakugwirani ngati mbalame pa ulimbo."

Ndinaviika zalazo m'madzi ofunda n'kumayang'ana kudenga.

Linali Lachitatu. Lamlungu ndinali woti ndisamukire m'nyumba ya chipinda chimodzi, ndipo ine ndemwe, ndi pakamwa panga, ndinali nditaika lamulo: chogwira ntchito chipita nane, chakufa chipita kwa wogula zitsulo Loweruka m'mawa. Poika lamulolo ndinaiwala makina osokera a mkazi wanga. Anali opukusa ndi dzanja, ndipo gudumu lake la pulasitiki linali litanyenyeka kalekale. M'masitolo munalibe. Mayi wina wa shopu ya pafupi ndi msika, amene anthu ankangomutchula kuti Mayi Pulasitiki, anandipangira lina pa makina ake oumba zinthu posanjikiza timizere ta pulasitiki wosungunuka. Koma makina akewo anali aang'ono, choncho gudumu linatuluka zibenthu ziwiri. Ntchito yanga inali yongozilumikiza basi.

"Lamulo ndi lanu lomwe," anatero alamu. "Ine ndikungolemba pa makatoni. Paja simusoka, eti?"

"Sindisoka."

"Nanga mukuwafuniranji?"

"Ndi makina abwino."

Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi awo, napita kukalongedza mbale.

M'mawa mwake ndinabwerera ku shopu. Mayi Pulasitiki anatembenuza zibenthuzo, nakanda ndi chikhadabo guluu wouma amene anali atayera ngati mchere.

"Bambo, munapala ndi sandipepa musanamate?"

"Ayi."

"Munapukuta mafuta a m'manja?"

"Manja anga amakhala oyera."

"Aliyense amatero. Tamverani. Supagulu ndi wa zinthu zokhala phee pa shelefu, zidole ndi timaluwa. Ili ndi gudumu, lizipotokoledwa. Iyeyo akauma amakhala ngati galasi, kungopinda pang'ono, thyo. Tengani guluu wa machubu awiri, wosakaniza uja. Mupale, mumate, mupane ndi zopanira zovala, musalikhudze mpaka mawa nthawi yomweyo."

Ndinamuuza mwaulemu kuti pali njira yoposa imeneyo. Mankhwala otchedwa asetoni amasungunula pulasitiki. Ukapaka mbali zonse ziwiri n'kukanikiza, sizimangomatana, zimasanduka chinthu chimodzi. Ndinawonjezera kuti zimenezi ndinaziphunzitsapo.

"Amasungunula pulasitiki wina, osati uyu. Ameneyu asetoni amangomusambitsa."

"Mayi, m'mabuku..."

"Mabuku anuwo anatuluka makina angawa asanabadwe. Pitani mukayese, aphunzitsi. Wa machubu awiri ndikusungirani pansi pa kauntala."

Ndinatuluka makutu akutentha. Munthu amene sadziwa n'komwe kuti asetoni ali ndi makaboni angati, kundiuza za kusamba.

Asetoni m'nyumba mwathu anali malo amodzi okha: m'dirowa ya mkazi wanga, mu kabotolo kochotsera utoto wa m'zikhadabo. Dirowa imeneyo inali isanatsegulidwe zaka ziwiri, ndipo alamu ndinawauza kuti tidzaiona pomaliza. Ndinaikoka, n'kutenga kabotolo osayang'ana uku kapena uku. Nditatsegula chivindikiro, fungo lake linadzaza khitchini monga linkachitira Loweruka masana, iye atasanjika phazi pa mpando wanga. Ndinatsegula mawindo onse awiri. Kenako ndinapaka, n'kukanikiza, n'kuwerenga mpaka mazana atatu.

Nditamasula manja, zibenthu zinagwera patebulo china uku china uko. Zinali zoyera, zonyezimira. Zinali zitasambadi.

Lachisanu shopu isanatsegulidwe n'komwe ndinali nditaima pakhomo. Mayi uja anangopisa dzanja pansi pa kauntala. Bola akanandiseka. Nditafika kunyumba ndinapala mpaka manja kuchita mbuu, ndinasakaniza guluu pa chivindikiro cha chitini ndi kamtengo ka machesi, ndinamata, n'kupana ndi zopanira zovala zisanu ndi chimodzi. Tsiku lonse ndinalizungulira ngati nkhuku yofungatira.

"Ndingasunthe tebulo?" anafunsa alamu.

"Ayi."

"Nanga kupuma ndingapume?"

"Cha uko."

Loweruka wogula zitsulo anafika ndi ngolo yake nthawi ya teni. Anakweza mbaula yakale, bedi lothyoka ndi mafelemu a njinga, kenako anaona makina patebulo, maso ake n'kuwala.

"Awo ndiye olemera bwino, bwana."

"Dikirani," ndinatero.

Ndinachotsa zopanira chimodzichimodzi. Mzere wa guluu unali utatuphuka pakati pa gudumu ngati chipsera, wonyansa ndithu. Ndinalilowetsa pa chitsulo chake, ndinamanga naiti, koma dzanja linakana kupukusa.

"Tasunthani," anatero alamu. "Woweruza sakhala mwini mlandu."

Anakhala pansi, anasolola mpango wanga m'thumba la shati osapempha, nauika pansi pa singano. Anapukusa kamodzi. Gudumu linalira pang'ono, koma silinagawike. Anapukusanso, mwamphamvu, ngati akufuna dala kuti lithyoke. Makina anayamba kugunda liwu lawo lija, ndipo pa mpango woyera panatuluka mzere wobiriwira. M'singano munali mudakali ulusi umene mwini wake anausiya.

"Bwana, ndiye tikweze?" anafunsa wogula zitsulo.

"Zipitani, achimwene," anatero alamu, osatembenuka.

Sanasiye kupukusa. Anafika kumapeto kwa mpango, anautembenuza, nayamba mzere wachiwiri, kenako wachitatu. Ndinayang'ana pamwamba pa makina. Ulusi unali utatsala wochepa kwambiri, moti kamtengo kake kankaonekera.

"Alamu, zakwana. Taona kuti akugwira ntchito."

"Ndikuyesa guluu wanuyu."

"Mukutha ulusi."

Ndinagwira gudumu ndi dzanja, makina n'kuima singano ili m'nsalu. Alamu sanachotse dzanja lawo pa chopukusira, ine sindinachotse langa pa gudumu. Kunja ngolo inkapita, zitsulo zikugundana mpaka kukhota pa msewu.