Mlonda Wamanzere

"Wagwira ndi dzanja liti?" anafunsa mchemwali wake wa Mapenti, chala chili pa pepala loyeserera limene makina osindikizira mabuku anali atangolavula.

Mapenti anasuzumira. Pachithunzipo panali mlonda wa sukulu atanyamula kapu, ndi kalaliki akulemba. "Ndi dzanja la munthu. Zala zisanu. Werenga."

"Ndafunsa kuti liti, achimwene."

"Lamanzere."

"Nanga kalalikiyu akulemba ndi liti?"

"Lamanja. Ndiye chavuta n'chiyani?"

Mchemwali wakeyo anali mphunzitsi, ndipo buku la ana limeneli, limene Mapenti anajambula zithunzi zake, linamutengera zaka zitatu kulilemba. Nkhani yake inali ya ana awiri ofufuza munthu amene anaba belu la sukulu. Chingwe cha belulo chinadulidwa ndi munthu wamanzere, ndipo mwana wochenjera ankayenera kumugwira wakubayo pazithunzi, asanafike kumapeto. Wamanzereyo anali kalaliki. Tsopano pazithunzi zonse khumi ndi ziwiri wamanzere anali mlonda.

Mapenti anakumbuka. Zaka makumi awiri ankalemba zikwangwani za masitolo ndi burashi, koma kujambula pa tabuleti anakuphunzira miyezi inayi yokha, poonera mavidiyo pafoni. Mphunzitsi wa m'mavidiyomo ankati chithunzi uzichitembenuza ngati pagalasi kuti uone pamene papindika. Iye anatembenuza, anakonza mphuno ndi mapewa, anaona kuti zakongola, n'kuzisiya choncho.

"Si vuto," anatero. "Ndikanikiza batani limodzi zibwerera."

Anakanikiza. Kalaliki anakhala wamanzere, mlonda wamanja. Koma chikwangwani cha sukulu, mawu a pabolodi ndi manambala a pawotchi zonse zinayamba kuwerengeka chobwerera. Malembawo anawaika atatembenuza kale, ndipo poti malemba ndiye ntchito imene ankainyadira, anawathira paliponse: pakhoma, pamabuku, ngakhale pachipewa cha mlonda.

"Chotsani malembawo muwatembenuze paokha," anatero bambo wosindikiza, amene anaima pakhomo akupukuta inki m'manja. "Si munawaika pagawo lawolawo, losiyana ndi la zithunzi?"

"Magawo ndinawaphatikiza onse. Tabuleti inkachedwa."

"Munaphatikiza." Wosindikizayo anaseka cha m'mphuno. "Achimwene anuwa akapenta khoma, ndiye apenta basi. Makina ndikuyatsa masana ano. Mukaphonya, mudikira mwezi wa mawa, chifukwa kumbuyo kwanu kuli makalendala."

Mwezi wa mawa masukulu akanakhala atasankha kale mabuku a chaka. Onse atatu ankadziwa zimenezo.

"Ndinakupatsani bukuli mwezi wa Januwale," anatero mchemwali wake. "Munaliwerenga?"

"Ndinawerenga ndandanda imene unalemba. Kapu apa, cholembera apo. Ine ndine wojambula, sindikulemba mayeso ako."

"Masamba makumi asanu ndi limodzi okha, olembera ana a zaka khumi. Anakukanikani."

"Usandiyankhule ngati mwana wa m'kalasi mwako, iwe. Miyezi inayi ndakhala ndikukanda kagalasi aka, khosi kuuma, makasitomala kundithawa. Unandiuzako kuti dzanja ndi nkhani?"

"Buku lonse likunena zimenezo!"

"Ndikuthandizeni," analowerera wosindikiza. "Sinthani masamba awiri omaliza. Wakuba akhale mlondayo. Ana sadziwa kanthu, ndipo alonda ndi amene amaba nthawi zambiri."

Mchemwali wake anatembenuka pang'onopang'ono n'kumuyang'ana mpaka bamboyo anapeza chochita kuseri kwa makina. Kenako anakweza pepala lija n'kuliika pamphuno pa Mapenti.

"Nkhope iyi ndi ya ndani?"

Mapenti anali atamujambula mlondayo ndi nkhope ya malemu bambo awo: masharubu, khutu lopindika, kamwetulidwe ka mbali imodzi. Ankati zikhale zomudabwitsa mchemwali wake bukulo likatuluka.

"Bambo anawachotsa ntchito ya ulonda chifukwa chiyani?"

"Ankati aba makina otayipira."

"Anaba?"

"Ukudziwa kuti sanabe."

"Ine ndalemba buku limene mlonda amapezeka wosalakwa. Inu mwatenga nkhope yawo mwaiika pa wakuba, kakhumi ndi kawiri, mwa mitundu yowala bwino."

Anaponya pepalalo patebulo. Mapenti anafuna kukalipa, koma anasowa womukalipira. Mlonda wa pachithunzi ankangomwetulira, kapu ili kumanzere.

"Ndiye tikutani?" anafunsa wosindikiza ali kuseriko. "Ndiyatse?"

"Lowetsani makalendala anu," anatero mchemwali wake. "Ndipeza wojambula wodziwa kuwerenga."

Anatenga chikwama natuluka, osatsanzika.

Makina anayamba kugunda. Mapenti anazimitsa tabuleti, naisunga m'thumba. Pakona ya tebulo panatsala mpukutu wa masamba a bukulo, womangidwa ndi labala. Anaumasula, anakoka mpando, nakhala.

"Apa si laibulale, bambo," anatero wosindikiza.

"Pangani ntchito yanu."

Ananyowetsa chala n'kutsegula tsamba loyamba.