Kapitawo ndi Chitsa cha Nimu

Kwathu ku Nathenje galu sitimusisita. Timamuponyera fupa, akanyanya timamuponyera mwala, nkhani yatha. Ndiye mungomva kuti ine Zikhale, bambo wa ana anayi, ndinatha masabata awiri ndikusambitsa galu ngati khanda.

Ndimasamalira maluwa ndi kapinga ku Area 3, kwa mayi Chitemwa. Galuyo anali wa malemu amuna awo. Ndi iwo anamutcha Kapitawo, chifukwa ndikangogwira khasu ankakhala chapoteropo n'kumandiyang'anitsitsa ngati ndi iye anandilemba ntchito. Sitinkakondana, ndisaname. Bwana atamwalira, galu uja anasamukira pakhonde pamene amayi amakhala madzulo, ndipo ndinkawamva akumuuza zinthu zimene sankauza munthu aliyense.

Mvula itangotha, Kapitawo anagwidwa ndi mphere. Ubweya unayamba kuthothoka m'makutu ndi m'miyendo, kukanda kosalekeza. Amayi anali ku Dedza kodwazika mchemwali wawo. Mlonda wa nyumba yoyandikana nafe, a Bonaventure, munthu wodziwa zonse kuyambira mpira mpaka chitopa cha nkhuku, anasuzumira pampanda.

"Kamphere kameneko? Oilo wakuda wa galimoto, achimwene. Mawa lomweli galu aziwala."

Ndinamvera. Ndani sanamvepo za oilo ameneyu? Ndinakatenga m'galaja n'kumupaka ndi chisanza chomangirira kundodo, poti kumugwira ndi manja anga kunali kosatheka. Galu ananyambita, anasanza tsiku lonse, khungu linatupa n'kuphulika zilonda. Ndinamuthira madzi a sopo ndi paipi mpaka oilo yense anachoka, chisaka chimene ankagonapo ndinatentha. Amayi atabwera ndinangoti, "Matenda akula, amayi." Anayang'ana galu, anayang'ana ine, n'kulowa m'nyumba.

Mwana wawo, a Maynard, amagwira ntchito ku City Centre. Si munthu woipa, koma zinthu zake amazifuna zachangu. Atamuona galu anagwira pakamwa.

"Amayi, uyu akuvutika. Komanso adzukulu anu akubwera pa holide, mukufuna atenge zimenezi? Ndikupita ku Mzuzu masabata awiri. Ndikabwerako ndidzamutenga, adokotala a ziweto akamubaye jakisoni wogonetsa. Sadzamva kupweteka."

Kugona kwake ndinakumvetsa, ndi kuja kosadzukanso. Ine ndinali pambali ndi chikwanje m'manja, ndikudziwa kuti mphere yokha sikanamufikitsa pamenepa galuyu. Wamupha ndi ine.

M'mawa mwake ndinatsikira ku msika wa ku Old Town, kwa mayi Margret amene amagulitsa mizu ndi makungwa pafupi ndi pokwerera maminibasi. Manyazi anandigwira, ndinayamba ndi bodza lakuti ndi mwana wa mnzanga.

"Mwanayo ali ndi zaka zingati?"

"Khumi ndi chimodzi."

"Zilondazo zili pati?"

"Kumsana ndi... chakumchira."

Anaseka mpaka anapukuta misozi ndi chitenje. Ndinaulula zonse, za oilo ndi za ndodo zomwe.

"Inu abambo inu," anatero. "Kathyoleni masamba a nimu, muwiritse, madziwo azizire, muzimusambitsa. Asamwe. Zilonda zikapanda kuuma mupite naye kwa adokotala, musalimbane nazo. Koma ndi manja, mwamva? Ndodo sisambitsa. Kwanuko mtengo wa nimu kulibe?"

Unalipo, ndipo anabzala ndi malemu bwana. Ndinaudula ndine chaka chatha a Maynard atadandaula kuti mizu ikung'amba mpanda. Anandiuzanso kuti chitsa nditenthe, koma ulesi, ndinangokwirira ndi udzu kuseri kwa galaja. Nditapita kukaona ndinapeza chaphukira, mphukira zofika m'chiuno, masamba biriwiri. Pa ntchito zonse zimene ndazembapo pa moyo wanga, iyi yokha ndi imene yandipindulira.

Ndinawiritsa m'chitini pa mafuwa, fungo lake lowawa mpaka kukhosi. Kenako panafika povuta paja. Ndinagwada, n'kuika dzanja pamsana pa Kapitawo. Ndinkayesa andiluma, ndipo akanandiluma sindikanadandaula. Koma ankangonjenjemera. Nthiti zonse ndinaziwerenga ndi zala. Ndikumuthira madzi aja pang'onopang'ono, anatsamiritsa chibwano pabondo langa n'kutseka maso. Munthu amene ndinamulakwira sanandichitirepo zotero, ndipo ndinachita manyazi kwambiri.

Zinakhala choncho tsiku ndi tsiku. A Bonaventure ankasuzumira n'kumati, "Mwakwezedwa pantchito, a nesi?" Sindinkawayankha, poopa kuti ndingachimwe. Sabata yoyamba sipanasinthe kanthu, ndinatsala pang'ono kutaya chitini chija. Sabata yachiwiri zilonda zinayamba kuuma, kukanda kunachepa, ndipo kumsana kunatuluka tiubweya tofewa ngati ta mwana wa mbewa. Kuchira ayi, anali asanachire. Koma anayamba kudya.

Loweruka a Maynard anafika ndi galimoto yabokosi kumbuyo, atayalamo kale katoni. Anamuyang'ana galu n'kupukusa mutu.

"Wasinthako, komabe matenda amene anamuchita zilonda zija si ochiritsika ndi masamba. Abwereranso."

Pamenepo ndinavula chipewa. Ntchito ndinkaifuna, ana anayi si masewera, koma pakamwa panatseguka pokha.

"Bwana, zilonda zija si matenda. Ndine ndinamupaka oilo wa galimoto. Mphere inali yochepa. Ngati pali woti achoke pakhomo pano, si galuyu."

A Maynard anandiyang'ana ngati andimeza. Asanayankhule, amayi anadzuka pampando wawo.

"Ndinadziwa tsiku lomwe ndinabwera," anatero. "Fungo la oilo silibisika m'makutu mwa galu. Ndimadikira kuti ndione ngati pakhomo pano patsala munthu woti ndingamusiyire makiyi." Kenako anatembenukira kwa mwana wawo. "Kwa adokotala apite, koma akamupatse mankhwala a mphere, abwere naye. Ndipo chitsa cha bambo ako chija wina asachikhudze."

"Chitsa chiti? Si chinatenthedwa?"

A Maynard anayesa kumuitana galu kuti akwere, koma Kapitawo anabwera kudzabisala kuseri kwa miyendo yanga. Ndinamunyamula ndine, pachifuwa, n'kukwera naye kumbuyo. Tinadutsa mu Old Town monse anthu akutiyang'ana, bambo wamkulu atafungatira galu wa mphere, tonse awiri tikununkha nimu. Pokwerera maminibasi paja wina wa kwathu anandizindikira n'kuloza chala. Sindinabise nkhope, manja onse awiri anali pa galu.