Kiyi Yosayinira ya Bambo

Kodi mungalote kuti mkulu woyeza madzi uja anasiyira yani kiyi yake?

Kiyiyo sinali yachitsulo. Inali fayilo yobisika m'kafulashi, kachipangizo kosungira zinthu za pakompyuta, kamene mkuluyo ankakavala m'khosi. Labotale yake inkayeza madzi a m'zitsime n'kulemba zotsatira pa intaneti, chitsime chilichonse tsamba lake. Akathyali ena atayamba kukopera masambawo n'kusintha manambala, iye anayamba kuwasayina pakompyuta. Munthu akasintha ngakhale chilembo chimodzi, siginecha inkakana, ndipo wowerenga ankadziwa kuti tsambalo n'labodza.

Ntchito yosayinayo inali ya mwana wake wamkulu, wamwamuna. Lachisanu lililonse ankabwereka kafulashi kaja n'kusayina tsamba ndi tsamba, mpaka khosi kuuma. Mlongo wake ankakhala pakona, pafupi ndi firiji ya mabotolo, kukonza kalembedwe. Bambo awo atanena kuti maso atopa ndipo apuma kumapeto kwa mwezi, mwana wamkuluyo sanakayike kuti kiyi ndi yake.

Kenako mwamuna wa mlongo wakeyo anabwera ndi sikiripiti, kapulogalamu ka mizere yochepa. Kankalowa mufoda yosungiramo masamba, kusayina tsamba lililonse lomwe kapeza, n'kutumiza onse pa intaneti. Ntchito ya tsiku lathunthu inatha tiyi asanazizire.

“Amwene, mutu uwu muziusamala,” anatero mkuluyo akusisita phewa la mkamwini wake.

Mwana wamkuluyo anayang'ana dzanjalo. Phewa lake linali lisanasisitidwepo chotero.

“Alamu, tsopano muzipumako Lachisanu,” anatero mkamwini akumwetulira.

“Zikomo alamu. Kodi kanthu kanuko kamawerenga zomwe kakusayina?”

“Kuwerenga ayi. Kamangosayina.”

“Ngati mlonda wogona uja, eti? Aliyense angodutsa.”

Onse anaseka, koma wamkuluyo anasiya kuseka msanga. Sabata yonseyo chilichonse cha mlamu wake chinkamunyansa: nsapato zolira pasimenti, kapu yake yomwe tsopano inkakhala patebulo la bambo, ngakhale mmene ankagogodera batani lomaliza ndi chala chimodzi ngati woimba limba. Bambo akafunsa za kompyuta ankatembenukira kwa mkamwini, mwana wawo ali chiimire pomwepo.

Lachinayi masana, ena atapita kukadya, wamkuluyo analemba tsamba labodza. Analemba kuti madzi a chitsime cha kuseri kwa msika ndi abwino kumwa, pomwe aliyense mu labotalemo ankadziwa kuti ndi oipa. Analiponya mufoda muja. Ankati sikiripiti ikalisayina, iye aimirira n'kuonetsa bambo ake zimene apereka m'manja mwa makina. Za anthu otunga pachitsimepo anaganizako pang'ono, n'kudziuza kuti tsambalo alichotsa lisanakhalitse.

Lachisanu mkamwini analowetsa kafulashi n'kugogoda batani. Mizere inathamanga pasikirini.

“Bambo, tatsegulani tsamba la chitsime cha kumsika,” anatero wamkuluyo, mawu ali pamwamba. “Muone zomwe mwasayina lero.”

Mkuluyo anavala magalasi n'kutsegula. Tsambalo linkanena kuti madziwo ndi oipa, osayenera kumwa.

“Tione chiyani apa?”

Mwana wamkazi uja anayankha asanatembenuke n'komwe.

“Mukufuna lija munaponyamo dzulo, achimwene? Ndinalichotsa m'mawa. Ndinadziwa kuti ndi lanu, pajatu ndinu nokha mumalemba ‘zitsime’ ngakhale chitsime chili chimodzi.”

“Ndimangofuna kuonetsa kuti sikiripitiyi imasayina chilichonse.”

“Zoona, ikanasayina,” anavomera mkamwini akukanda kumutu. “Zimenezo sindinaziganizire. Koma alamu, mukanangondiuza.”

“Ndinakuuzani. Munaseka.”

Mkuluyo anazula kafulashi kaja pakompyuta n'kukulunga chingwe chake kuchala.

“Iwe,” anatero kwa mwana wake wamkazi, “umawerenga masamba onsewa asanasayinidwe?”

“Kuyambira kale, bambo. Ngakhale nthawi ija achimwene ankasayina pamanja.”

Wamkuluyo anayang'ana mlamu wake, akuyembekeza kuona chala chija chikulandira chingwe. Anali atakonzeka kale kudana nacho moyo wake wonse. Koma mkuluyo anawadutsa onse awiri n'kulunjika kupakona, pafupi ndi firiji.

Kiyi anasiyira mwana wake wamkazi.