Kachilombo ka Pansi pa Nyanja Yamchere

Maloto awa andisowetsa mtendere kuyambira Lachiwiri. Ndinalota ndili pansi pa nyanja yamchere, ine amene sindinaionepo, mwana wanga Tadala ali kumbuyo. Matope ozizira ankalowa pakati pa zala zakumapazi, mchere ukuwawa m'maso.

Pansi pa mwala panatuluka kachilombo kotuwa, kophwatalala ngati mphemvu. Msana wake unali wa tizigoba tosanjikizana ngati malata a padenga, tinyanga tikugwedera, timiyendo tambirimbiri tikupalasa mchenga. Kankadya nsomba yoola. Kenaka kanagona chagada, ndipo kumimba kwake ndinaona kathumba kodzaza tiana toyera tikuphiriphitha.

Kanayankhula ndi mawu a apongozi anga, amayi a mwamuna wanga.

"Inu amake Tadala, mwana wakumbuyo mumamuona? Bweretsani kuno, malo alipo."

"Ayi amayi, akuyamwabe."

"Kuyamwa! Chimwana chamano ngati chimenecho? Mukufuna chikudyeni?"

Timiyendo tija tinakwera thupi langa, tikulasa ngati minga, mpaka pamfundo ya nsalu yoberekera. Nditafuna kukuwa, madzi anadzaza m'kamwa. Kumsana kunapepuka.

Ndinadzidzimuka mkaka utanyowetsa malaya, Tadala ali m'tulo pambali panga.

Kaya ndi chenjezo, kaya ndi mantha anga chabe, sindikudziwa. Koma apongoziwo akubwera Loweruka kudzamutenga kuti akasiyire bere kumudzi, ndipo bambo ake anavomera osandifunsa. Chilotereni ndikumuberekera kutsogolo, mfundo ndikumanga ziwiri. Aneba akundiseka, aseke. Womufuna Lowerukalo adzanyamule ndi ine yemwe.